Matani 30 kuchoka ku Nchalo mpaka ku Karonga: giya isinthidwe liti?

Lolemba: Nchalo mpaka Blantyre

Tapakira shuga ku Nchalo m'mawa uno, matumba 600 a makilogalamu 50. Amenewo ndi matani 30, ndipo kuphatikiza hosi (mutu wokoka wa lole) ndi ngolo yake zonse zikukwana matani 48. Katunduyu akupita ku Karonga kudzera mu M1. Pachiwongolero pali wophunzira yemwe laisensi ali nayo kale, koma galimoto yolemedwa chonchi sanaigwirepo.

Galimotoyi ndi Freightliner ya injini ya Detroit Series 60 ndi giyabokosi ya Eaton Fuller ya magiya 13. Ndodo ya giya ili ndi malo asanu opitira kutsogolo: Low, 1, 2, 3 ndi 4. Kutsogolo kwa mutu wa ndodoyo kuli kachitsulo ka range, ndipo mukakakweza malo a 1 mpaka 4 aja amasanduka 5, 6, 7 ndi 8. Pambali, pofika chala chachikulu, pali batani lofiira la splitter lomwe limagawa pawiri giya iliyonse kuyambira 5 mpaka 8. Asanu apansi ndi asanu ndi atatu apamwamba, ndiwo 13 amenewo.

Giyabokosi yotereyi sikuthandizani kulumanitsa mano monga imachitira ya galimoto yaing'ono. Giya imalowa pokhapokha liwiro la injini likagwirizana ndi liwiro la matayala. N'chifukwa chake klatchi imapondedwa kawiri: ponda, tulutsa ndodo ifike pa neutral, siya klatchi, dikira marevu (kuzungulira kwa injini pa mphindi) afike pake, pondanso, lowetsa. Ndipo simuponda mpaka pansi galimoto ikuyenda. Pansi penipeni pali kabuleki ka klatchi, kantchito yake koimitsa shafti kuti giya yonyamukira ilowe galimoto itaima. Mukakaponda muli pa liwiro kamapsa, ndipo kuyambira tsiku limenelo giya yonyamukira ndi ya rivesi zizilowa mokukuta.

Injiniyi mphamvu yake yokoka imafika pachimake pafupi ndi marevu 1,200, ndipo ntchito yabwino imaigwira pakati pa 1,200 ndi 1,600. Kusintha giya yathunthu kumagwetsa marevu pafupifupi 450 kapena 500: mukachoka pa 1,650 mumatera pafupi ndi 1,200. Splitter imangogwetsa 200 ndi pang'ono. Manambala awiri amenewa ndiwo tamuuza wophunzira kuti aloweze asanatulutse galimoto pageti.

Ponyamuka pamalo osalala timayamba ndi 1, phazi lili kutali ndi moto. Injini yoyendetsedwa ndi kompyuta ngati iyi imadzisunga yokha, inu ntchito yanu n'kusiya klatchi pang'onopang'ono mpaka ngolo itagwedezeka. Ozolowera galimoto yopanda katundu amafuna kunyamukira pa 3, ndipo amakakamizika kuwonjezera moto klatchi ili theka. Fungo lonyeka lomwe limalowa m'kabini pambuyo pake ndi klatchi ikutha. Magiya apansi pachigwa safuna marevu ambiri, 1,300 kapena 1,400 ndi okwanira, chifukwa kulirisa injini mpaka 1,900 pa giya 2 n'kungotentha dizilo. Pochoka pa 4 kupita pa 5, range ikwezedwe ndodo isanatuluke. Imasintha yokha ndi mpweya ndodo ikamadutsa pa neutral.

Msewu wa Nchalo mpaka pa mlatho wa Kamuzu pa Shire ndi wachigwa, ndipo sukulu yonseyi imaoneka yophweka. Zimasintha mukangodutsa pa Thabwa. Chikwawa ili mamita pafupifupi 100 pamwamba pa nyanja yamchere, Blantyre ili kupitirira 1,000, ndipo gawo lalikulu la kusiyanako mumalikwera pamtunda waufupi wokhotakhota.

Chomwe katundu amasintha ndi nthawi. Pachitunda chokwera mamita 8 pa mamita 100 aliwonse, galimoto ikakhala pa neutral imataya liwiro la makilomita pafupifupi 3 pa ola sekondi iliyonse, ndipo matani 48 sabweza msanga liwiro lotayikalo. Tiyerekeze muli pa giya 4, muvi wa marevu wagwa kufika 1,300, liwiro lili 18. Pachigwa mukanakweza marevu kufika pafupi ndi 1,800 kuti giya 3 ilowe. Koma pano, pomwe mukuponda klatchi kachiwiri liwiro latsika kale kufika 14, ndipo giya 3 ikufuna marevu 1,350 okha. Wophunzira wathu analirisa injini mpaka 1,800 monga anaphunzirira, giya n'kukukuta osalowa. "Madala, ikukana!" Sikuti imakana, iye amaifunira pomwe inali sekondi yapitayo. Pachitunda, potsitsa giya moto ukhale wochepa ndipo dzanja lifulumire.

Kukweza giya ndiye kosiyana. Pamafunika kukoka mpaka 1,800 kapena 1,900 musanatulutse ndodo, chifukwa pomwe giya yotsatira izilowa marevu akhala atagwa kuposa 500 aja. Akatera pansi pa 1,200 mubwereranso komwe munachoka, mutataya liwiro kawiri. Ife maganizo athu ndi akuti pachitunda ngati ichi giya ikakhala ikukoka bwino pa 1,600 kapena 1,700, isiyeni. Mbali yaikulu takwera pa 3 ndi 4, liwiro pakati pa 15 ndi 25.

Musanalowe pakona yothina tsitsiranitu giya. Pakona ngolo imakoka mokhota, galimoto imalemera kuposa poongoka, ndipo manja onse awiri amafunika pachiwongolero. Mukaona kuti giya imodzi siikwanira, dumphani ziwiri nthawi imodzi m'malo mosintha kawiri.

Giya ikatayika ndithu, liwiro n'kugwa pansi pa 10, musaisakesake. Pondani buleki, imani, kokani mabuleki oimikira, lowetsani Low. Siyani klatchi mpaka mutamva kabini ikudzuka pang'ono, kenako masulani mabuleki. Galimoto ikayamba kubwerera m'mbuyo inu n'kusiya klatchi mwadzidzidzi, chothyoka ndi propshaft kapena shafti ya m'difu, ndipo malole ena omwe mumawaona ataima pachitunda ndi masamba atayalidwa mumsewu anagwa m'mbuna yomweyi.

Kunja kukutentha monga mwa masiku onse a October kuchigwa. Muvi wa kutentha kwa madzi a injini unayamba kuyandikira madigiri 100 pomwe injini imakoka pa 1,250. Mankhwala ake ndi kutsitsa giya imodzi kuti marevu akwere: fani ndi pampu ya madzi zimazungulira mwamphamvu ndipo injini imapepukidwa. Patapita mphindi zochepa muvi unabwerera. Titafika pamwamba injini tinaisiya ikulira mphindi zisanu tisanazimitse, kuti turbo izizire oyilo akuyendabe.

Lachiwiri: Blantyre mpaka Dedza

Lero linali tsiku la splitter. Kuchoka ku Lunzu ndi Lirangwe msewu umatsikira ku Shire pa Zalewa, kenako umayenda mokwera ndi kutsika pang'onopang'ono mpaka pa Chingeni. Malo oterewa giya yathunthu imakhala yochuluka, theka ndiye loyenera.

Kagwiritsidwe kake pokweza: kankhirani batani kutsogolo, chotsani phazi pamoto, dikirani kamphindi marevu agwe mumve kuti yalowa, kenako bwezerani moto mofatsa. Potsitsa: kokerani batani m'mbuyo, chotsani phazi kuti mano amasuke, n'kupondanso moto nthawi yomweyo kuti marevu akwere ndi 200 aja. Cholakwika chofala n'kusuntha batani msanga n'kumayendabe nalo moto uli wopondedwa. Mpweya umakhala ukukankha foloko yosuntha giya pamano omangika, zitsulo zikudyana, ndipo mukadzangopepusa phazi pa chifukwa china giya imasintha mosayembekezera ndi kugunda kwamphamvu. Batani lisunthe pomwe mwatsimikiza kusintha, osati kale.

Pokwera kopitirira Ntcheu, kulowera ku Biriwiri ndi Lizulu komwe msewu umatsata malire a Mozambique, funso limakhala lakuti theka kapena yathunthu. Yankho silili pa nambala yomwe muvi waloza, lili pa mmene ukugwera. Ukamatsika pang'onopang'ono kuchoka 1,400 kupita 1,300, theka likwanira. Ukamagwa mooneka ndi maso, tsitsani yathunthu pa 1,300 pomwepo, musadikire 1,200, chifukwa theka lidzatha musanabweze dzanja pachiwongolero. Ndipo maso akhale kutsogolo: ngati nsonga ya chitunda yatsala mamita 100 ndipo muvi wakhazikika pa 1,200, isiyeni injini imalize yokha. Injini izi zinapangidwa kuti zizikoka pamenepo. Chosafunika n'kuikakamiza pansi pa 1,100 moto uli pansi. Mumamva kabini ikunjenjemera, ndodo ikugwedera m'dzanja, kulira kwa injini kukulemera. Pamenepo kutentha kwa utsi kumakwera ndipo mabeyaringi akulandira nkhonya.

Tisanayambe chitunda timalola liwiro likwere pang'ono potsetsereka, malinga ndi malamulo a pamsewu, ndipo moto timaupereka galimoto isanafike pansi penipeni kuti turbo ikhale itadzaza kale. Wochedwa kuponda amataya giya imodzi yaulere.

Phunziro lachiwiri linabwera ndi misika. Pa mphambano ya Tsangano ndi pa Lizulu anthu, njinga ndi milu ya mbatata ya kachewere ndi kabichi zimafika m'mphepete mwenimweni mwa phula, ndipo liwiro limagwa kuchoka 60 kufika 15 pakanthawi kochepa. Apa simungatsike giya imodziimodzi. Mumaponda buleki, kenako mumalowetsa giya yogwirizana ndi liwiro lomwe mwatsala nalo. Pagalimoto iyi, marevu akakhala 1,500, giya 2 imayenda 11, giya 3 imayenda 15, giya 4 ndi 21, kumunsi kwa 5 (batani la splitter lili m'mbuyo) ndi 30, kumunsi kwa 6 ndi 42, kumunsi kwa 7 kukuyandikira 60. Galimoto iliyonse ili ndi manambala ake kutengera difu ndi matayala, choncho dalaivala watsopano awalembe pakapepala n'kumata padashibodi mpaka atalowa m'mutu. Range isatsitsidwe liwiro lili pamwamba pa 30: kumbuyo kwa giyabokosi kuli synchro yolumanitsa mano, yomwe imapsa ikakakamizidwa, ndipo kukonza kwake n'kotsitsa giyabokosi yonse.

Pa Chingeni ndi pa Kalinyeke, polipira msonkho wa msewu, galimoto imaima ndithu. Range ibwerere pansi musanaime. Kuiwala kumeneku ndiko kumachititsa munthu kunyamukira pa 5 akuganiza kuti ali pa 1, injini n'kuzima mzere wa magalimoto uli kumbuyo.

Tagona ku Dedza. Kwazizira ngati si dziko lomwe tinali dzulo.

Lachitatu: Dedza mpaka Kasungu

M'mawa wozizira oyilo wa m'giyabokosi amakhala wolemera ndipo amagwira magiya, choncho mkati mwake liwiro limagwa msanga ndodo ikakhala pa neutral. Makilomita oyambirira dzanja lifulumireko, apo ayi giya yotsatira mupeza itakudutsani. Tisananyamuke tinadikira mpweya ukwane kupitirira 100 psi ndipo tinakhetsa madzi m'matanki. Range ndi splitter zimadalira mpweya womwewo. Ukakhala wochepa kapena wamadzi, zimachedwa kusintha n'kukusiyani pakati.

Potsetserekera ku mlatho wa Linthipe ndi pomwe ambiri amayesedwa kuika galimoto pa neutral, kapena kuti pa fili, ati kupulumutsa dizilo. Chizolowezi chimenechi tikuchikana poyera. Choyamba, palibe dizilo wopulumuka: injini yoyendetsedwa ndi kompyuta ikamakankhidwa ndi matayala giya ili mkati ndi phazi lili kumbali, simwa kanthu, pomwe pa neutral imamwa kuti isazime. Chachiwiri, Jake, buleki ya injini, sigwira popanda giya, choncho matani onse 48 amatsamira mabuleki okha. Chachitatu, injini ikamalira pang'ono kompuresa imapopa mochedwa pomwe inu mukuwononga mpweya. Chachinayi, liwiro likakwera giya yomwe mukufuna siilowanso, ndipo magiya a mkati amakhala akuzungulira osalandira oyilo wokwanira. Kutsetsereka mutaponda klatchi giya yaing'ono ili mkati n'koipa kuposa apa, pakuti mbale ya klatchi imazungulira mopitirira muyeso mpaka kuphulika. Ife tatsika Linthipe kumunsi kwa 6, Jake ili yoyatsa, ndipo chitunda cha tsidya lija tinachiyamba giya ili kale m'malo.

Lilongwe tinailambalala podzera msewu woyambira pa Bunda. Pamaraundabauti lamulo ndi lomwe lija la pakona: giya ilowe musanafike, kawirikawiri 4 kapena kumunsi kwa 5, kuti mpata ukapezeka mungopereka moto. Wofika pa raundabauti ali pa neutral amapeza mpata, n'kuutaya akusaka giya.

Kuchoka Lumbadzi kudutsa Mponela ndi Madisi mpaka Kasungu dziko ndi losalala ndipo zolemba n'zochepa. Pa 80 giya yomaliza imapereka marevu osakwana 1,300, zomwe ndi zabwino pachigwa. Mphepo ikamachokera kutsogolo kapena msewu ukamakwera mobisika, mumapeza phazi lili pansi koma liwiro silikuwonjezeka, bwererani theka.

Wophunzira anafunsa za kusintha giya osaponda klatchi, poti waona akuluakulu ambiri akutero. N'zotheka pa giyabokosi yamtunduwu, ndipo wodziwa amatulutsa ndodo ndi zala ziwiri pomwe wapepusa moto, n'kuilowetsa marevu akafika pake popanda phokoso. Koma opanga giyabokosi amalangiza kuponda klatchi kawiri, ndipo chifukwa chake n'chomveka: marevu akaphonya pang'ono klatchi ili yopondedwa, mano amangokhudzana, akaphonya klatchi ili yolumikiza, kulemera konse kwa injini ndi katundu kumagwera pamanowo. Amaperepeseka pang'onopang'ono mpaka giya imayamba kudzitulukira yokha pachitunda. Tamuuza kuti adikire kaye mpaka khutu lizidziwa marevu maso asanayang'ane wotchi.

Lachinayi: Kasungu mpaka Mzuzu

Nkhamenya, Jenda, kenako kukwera mapiri a Viphya kulowa m'nkhalango ya Chikangawa. Zitunda za kuno n'zazitali koma zosathina ngati za Chikwawa, ndipo zambiri zimatheka pa 5 ndi 6. Vuto ndi malole a matabwa omwe amakwera pang'onopang'ono. Mukawapeza musawakakamire kumbuyo. Tsitsani giya mukadali patali, sankhani yomwe ikupatsani 1,500 pa liwiro lawo, n'kusiya mpata wokwanira kuti iwo akaphonya giya inu musaime. Kuima pachitunda chifukwa cha mnzanu n'kowawa mofanana ndi kuima chifukwa cha inu mwini.

Tinapeza nkhungu ndi kamvula kowaza, phula lili lonyowa. Pamsewu woterera Jake ikhale pa mphamvu yochepa, chifukwa imagwira matayala okoka a hosi okha. Akatsetsereka, ngolo imakankha hosi n'kuipinda ngati mpeni. Chinanso, wophunzira azizimitsa Jake posintha giya. Ikakhala yoyatsa, mukangosiya klatchi pa neutral marevu amagwa ngati mwala n'kudutsa pomwe mumawafuna. Odziwa amagwiritsa ntchito kugwa komweko kuti akweze giya mwachangu pachitunda, koma imeneyo ndi sitepe ya m'tsogolo.

Tafika ku Mzuzu kusanade, ndipo tagona msanga dala. Chiweta sitifuna kuitsika usiku kapena titatopa.

Lachisanu: Mzuzu mpaka Karonga

Ekwendeni, Enukweni, Bwengu, Phwezi: chigwa cha Henga chimayendeka bwino ndipo chimagonetsa munthu tulo. Kenako msewu umafika pamphepete pa phiri, nyanja n'kuonekera pansi patali, yobiriwira ngati mungaigwire. Nyanjayo ili mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo kuti muifike mumatsika mtsetse wa Chiweta ndi makona ake obwerera m'mbuyo.

Tinaima pamwamba tisanayambe. Tinazungulira galimoto kuona mapaipi a mpweya pakati pa hosi ndi ngolo, kumvetsera ngati pali potuluka mpweya, kuyandikiza dzanja pa diramu ya buleki iliyonse. Diramu yozizira pomwe zinzake zili zofunda ndiye kuti buleki yake siikugwira, ndipo zinzakezo zikusenza ntchito yake. Yotentha kuposa zonse ndiye kuti ikukhuza. Tinaonanso zingwe zomangira katundu, chifukwa matumba akasunthira kutsogolo potsetsereka amasintha kulemera kwa ma axle.

Akale ankati tsika ndi giya yomwe unakwerera. Pa injini zamphamvu za masiku ano lamulo limenelo silikwanira, popeza galimoto imakwera ndi giya yaikulu kuposa yomwe ingaigwire potsika. Chotsanipo imodzi. Muyeso weniweni ndi uwu: giya yoyenera ndi yomwe Jake yokha ikugwira galimoto, muvi uli pakati pa 1,800 ndi 2,000, phazi osakhudza buleki kapena kukhudza mwa apo ndi apo. Jake imatsegula mavavu a utsi pomwe pisitoni yamaliza kupanikiza mpweya, motero injini imasanduka chopopera mpweya chomwe chimameza mphamvu ya katundu. Mphamvu yakeyo imakula ndi marevu. Pa 1,300 imangochita phokoso. Pa 1,900 ndiye imagwira. Apa ndi pomwe wophunzira amayenera kuiwala zomwe wazolowera masiku anayi apitawa zosunga marevu pansi.

Tinayamba ndi 4, range ili pansi, liwiro 25. Patangopita pang'ono muvi unayamba kukwera kupitirira 2,000 ndipo buleki imafunika pafupipafupi. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti giya yakula. "Mphwanga, ponda mpaka 15, ndiye utsitse." Dongosolo lake ndi limenelo ndipo silisinthika: buleki kaye mpaka marevu atsike kufika 1,200 kapena kucheperapo, Jake izimitsidwe, ndodo ituluke, moto ukwere, giya 3 ilowe, Jake iyatsidwenso. Potsetsereka zinthu zimatembenuka poyerekeza ndi Lolemba lija: galimoto ikakhala pa neutral liwiro limakwera, choncho marevu ofunika amaposa a pachigwa. Woyesa kutsitsa giya muvi uli pa 1,900 akufuna marevu 2,600, omwe injini singapereke. Giya siilowa, ndipo amatsala pa neutral ndi matani 48 kumsana. Zikatero, musalimbane ndi giya yaing'onoyo. Bwererani msanga mu yomwe munatulukamo kapena yotsatira pamwamba pake, kenako pondani buleki mwamphamvu muyambirenso. Ndipo kusinthaku kuchitike poongoka ndi pomwe mtsetse wapepukako, osati pakona.

Pa 3 galimoto inakhazikika pa 19 mpaka 20, Jake ikulira mofanana, phazi lili pambali. Mabasi ndi magalimoto ang'onoang'ono anatidutsa, ena akuimba hutala. Asiyeni apite. Kuthamanga sikufika.

Pomwe buleki ikufunika, kapondedwe kake ndi aka: liwiro likafika pomwe mwadziikira malire, pondani molimba ndithu masekondi atatu kapena anayi mpaka litsike ndi makilomita 8 pa ola, kenako siyiranitu. Kuponda pang'ono kosalekeza kumachititsa kuti mabuleki ena okha ndiwo azigwira, n'kutentha okha. Diramu ikatentha imafutukuka n'kutalikira nsapato za buleki, nsapatozo nazo zimaterera, ndipo mumapeza phazi lili pansi, mpweya ulipo wokwanira, koma galimoto ikupitabe. Kupopa buleki mobwerezabwereza nako kumamaliza mpweya msanga kuposa mmene kompuresa ingabwezere. Diso limodzi likhale pa wotchi ya mpweya. Alamu imalira ukatsika kufika 60 psi, koma dalaivala wanzeru amakhala ataima kale usanafike pamenepo.

Kumbukiraninso kuti gavanala, woika malire a marevu, amaletsa dizilo, saletsa matayala. Katundu angathe kukankha injini kupitirira 2,100 ngakhale phazi lili kutali ndi moto, ndipo ikapitirira kwambiri mavavu amakumana ndi mapisitoni. Muvi ukayandikira 2,100, buleki ndiyo iyankhe.

Pamakona obwerera m'mbuyo liwiro lichepe musanakhote, kuti polowa phazi likhale litachoka pabuleki. Hosi imayenera kutenga kona motambalala kuti matayala a ngolo asagwere m'ngalande, ndipo okwera, makamaka matanka a mafuta ochokera ku Dar es Salaam, apatsidwe mpata. Iwo akaima pakona yoteroyo kunyamukanso n'kovuta kuposa inu.

Titafika pansi pa Chiweta tinaimanso. Madiramu anali ofunda moti dzanja limatha kuyandikira, popanda fungo kapena utsi. Akanakhala otentha kwambiri sitikanakoka mabuleki oimikira nthawi yomweyo kapena kuwathira madzi, chifukwa diramu yotentha imapindika kapena kung'aluka. Pamalo osalala mumatchinga matayala n'kuisiya izizire yokha.

Kuchoka apo msewu umatsata nyanja kudutsa Chitimba, Chilumba ndi Ngara mpaka Karonga. Magiya apamwamba, mbuzi ndi njinga.

Loweruka: kubwerera wopanda katundu

Tatsitsa shuga m'mawa ndipo galimoto yatsala matani 18. Wophunzira, yemwe dzulo amasintha mosalala, lero wayambanso kukukuta magiya. Si zachilendo. Dzanja lake linazolowera galimoto yolemedwa, pomwe iyi tsopano ndi yopepuka.

Wopanda katundu amanyamukira pa 2 kapena 3, amadumpha magiya, ndipo splitter saifuna mpaka pa 7 ndi 8. Kusintha pa 1,300 kapena 1,400 n'kokwanira ngakhale m'magiya apamwamba. Mabuleki amaluma msanga ndipo matayala a ngolo amakhwekhwereka mukaponda ngati dzulo. Jake ikhale pa mphamvu yochepa, ndipo phula likanyowa izimitsidwe, poti matayala okoka alibe chowapanikiza pansi.

Chiweta taikwera kumunsi kwa 6, n'kutsikira ku 5 pamakona. Pakona yachitatu tinakumana ndi lole ya simenti ikutsika pang'onopang'ono, Jake ikulira, mzere wa magalimoto uli pambuyo pake. Tinafinyikira kumanzere n'kuipatsa kona yonse.